Ndachoka ku Bangweulu, koma nyumba ndi manda zatsala komweko

Lachiwiri madzulo

Bambo Mbewe:
Moni nonse abale anga. Ambiri simundidziwa, mwana wanga Mwila ndiye wandilowetsa m'gulu muno sabata yatha. Ndine Mbewe wa ku Chadiza, ngakhale ku Chadizako ndinachokako ndili mnyamata. Ndinalowa ntchito yoteteza nyama zakutchire, ndipo mu 1987 ananditumiza kumpoto, ku madambo a Bangweulu, dera la mfumu Chiundaponde. Ndinkati ndikangokhalako pang'ono ndipempha kuti andisamutse. Ndinakwatira komweko, ana onse anabadwira komweko, ntchito ndinapumira komweko, ndipo mayi a ana anga agona komweko kuyambira 2021.

Pano ndili ku Chelstone mu Lusaka, kwa Mwila. Anandibweretsa mwezi watha chifukwa cha shuga ndi maso, ndipo ana agwirizana kuti ndisabwererenso kukakhala. Sindikulimbana nawo. Koma kwatsala nyumba ya njerwa zootcha, munda wa chinangwa, mitengo ya mango yomwe ndinabzala ndekha, mbuzi ndi bwato. Mvula ikalimba msewu wodutsa mu Lavushi Manda umavuta, choncho ndiyenera kupita mwezi uno wa Novembala kukalongosola zonse.

Inu amene munasiyapo malo mutakhalapo nthawi yaitali, nyumba munachita nayo bwanji? Munagulitsa, munasiyira wina, kapena munangokhoma n'kumapita? Nanga mtima munaukhazika bwanji? Ine ndimadzuka 4 koloko monga ndinazolowera, n'kupeza kuti palibe choti ndichite mpaka dzuwa kulowa.

Mayi Nabanda:
Takulandirani a Mbewe. Pepani ndi matenda, pepaninso ndi maliro a mayi ngakhale papita nthawi. Koma ndifunse nawo, bwanji osabwerera ku Chadiza? Munthu akakula amabwerera kwa abale ake. Chipata ili pafupi, chipatala chachikulu chilipo.

Bambo Mbewe:
Zikomo mayi. Ku Chadiza ndinapitako pa maliro a mlongo wanga. Adzukulu okumba manda ankanong'onezana kuti mdala uyu ndani. Minda ya amayi anga akulima ana a alongo anga, ndipo ndi yawo ndithu, sindingakaime pakhomo kuti ndigawireniko. Anandilandira bwino, anandiphera nkhuku. Koma wopheredwa nkhuku ndi mlendo.

Gift Zulu:
Amalume osakwiya, ine ndikuona kuti nkhaniyi ndi yachidule. Gulitsani zonse, ndalama muike pa puloti kuno, kaya ku Chongwe kaya ku 10 Miles. Kutchire kuja kuli chiyani? Mpaka kukwera pachulu kuti uimbe foni.

Bambo Mbewe:
Sindikwiya mwana wanga, ndipo za chulu wanena zoona, chilipo chathu chimene aliyense amachidziwa. Koma poti wafunsa kuti kuli chiyani, ndilole ndikuuze.

Ukaima pa Chikuni m'mwezi wa Meyi madzi akuyamba kuphwa, kutsogolo kwako kulibe phiri, kulibe nyumba, ndi udzu waufupi ndi madzi a m'akakolo mpaka pomwe maso alekezera. Pamenepo pamakhala lechwe zakuda, masauzandemasauzande, moti ukayang'ana patali umaganiza kuti dambo lapsa. Mtundu umenewu kwawo ndi ku Bangweulu kokha. Zamphongo zikamakula zimada msana, ndipo zimathamanga bwino m'madzi kusiyana ndi pouma. Zikadzidzimuka zonse pamodzi, mkokomo wa madziwo umaumva m'chifuwa.

Zonse kumeneko zimayendera madzi. Mvula imayamba Novembala, koma madzi a Chambeshi ndi Lukulu amafika mochedwa, kusefukira kwenikweni ndi cha m'ma Malichi. Njira yomwe unkapalasa njinga umadutsa pa bwato. Madzi akayamba kubwerera, mabanja amasamukira ku misasa ya usodzi, amaunda timizere ta dothi totchinga madzi n'kutchera miyono pa mipata, nsomba zikamatsika zimalowa zokha. Nthawi imeneyo m'makalasi mumatsala ana ochepa, aphunzitsi amadandaula chaka ndi chaka. Okutobala ndi fumbi ndi moto wolusa. Mwezi uno ndiye wa bowa ndi finkubala m'nkhalango za kumtunda, mudzi wonse umakhala uli m'tchire ndi ndowa.

Ndiye pali mbalame ija azungu amakwerera ndege kudzaiona, shoebill. Ikaima imafika pachifuwa cha munthu, yotuwa thupi lonse, mlomo wake waukulu zedi. Imatha kuima malo amodzi m'gumbwa osaphethira n'komwe, kudikira kuti mlamba utulutse mutu. Imaikira mazira awiri koma kawirikawiri amakula mwana mmodzi yekha. Kale anthu ankaba anapiye kukagulitsa kunja. Masiku ano asodzi ena amalipidwa kuti azilondera zisa, ndipo ena mwa iwo ndi omwe ndinkathamangitsana nawo m'mabango.

Gift Zulu:
Eee, ndakhala pansi. Koma puloti ndiye sindinasinthe maganizo.

Mulenga:
Ambuya, mukuzungulira nkhani. Nenani zoona: mwana wa kummawa anafika kwathu atatopa ndi mbewa, analawa nsomba ya pamoto ndi katapa, basi zake zinathera pomwepo. Tinakusungani, tinakupatsani mkazi, lero mukuthawa osalipira lendi ya zaka zonsezi.

Mayi Nabanda:
A Mulenga, inu odya anyani khalani chete akulu akamakambirana. Tinakulowetsani muno chifukwa cha mkazi wanu basi.

Bambo Mbewe:
Mbewa ndinkakumba ndithu ambuya, sindinasiye. Apongozi anga ankachita kubisa mphika wawo kuti ndisaphikiremo.

A Daka:
Ine ndilankhulako zina, mundikhululukire achimwene. Ndinakulira ku Mambwe m'chigwa cha Luangwa. Nyama zimakongola kwa munthu amene mwezi ukatha amalandira. Ife njovu zinkamaliza munda usiku umodzi, amayi ankagona m'msasa akuimba zitini mpaka mbandakucha. Ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti a yunifolomu amafika msanga ikaphedwa nyama kusiyana ndi akaphedwa munthu. Tsono ndikamva munthu akulira tchire, ndimafuna ndidziwe kuti ankakhala mbali iti ya mfuti. Ine tsiku limene ndinakwera basi ya ku Lusaka sindinacheuke.

Bambo Mbewe:
A Daka, palibe choti mupepese. Ndinali mbali ya mfuti, ndipo anthu sanali kuiwala zimenezo. Zaka zoyamba ndikafika pa mowa nkhani inkatha. Ndinagwirapo mlamu wanga weniweni ali ndi mawaya ndi gogodela, mlandu unapita ku Mpika, mkazi wanga anakhala nthawi osandiyankhula. Mlamu yemweyo ndiye tinanyamula naye bokosi la mlongo wake, ndi yemwenso akuyang'anira mbuzi zanga lero.

Kusiyana kwake ndi ku chigwa n'kwakuti kwathu kuja si paki yotsekedwa. Ndi dera limene anthu amakhalamo, amalima, amasodza, nyama zili pomwepo. Ine ndinayamba nthawi ya National Parks yakale, kenako kunabwera bungwe loyang'anira nyama la ZAWA, ndipo dipatimenti ya DNPW yomwe inalowa m'malo mwake mu 2016 inandipeza nditapuma kale. A bungwe losamalira nyama la African Parks atalowa mu 2008, mogwirizana ndi boma ndi makomiti a anthu a m'madera a mafumu 6, ambiri ankaopa kuti usodzi watha. Misonkhano ina inali yotentha, ndipo ine ndinkakhala pakati chifukwa ndinali wa boma komanso mkamwini wa pamudzi. Usodzi sunathe. Chimene chinalimba ndi kutseka usodzi kwa miyezi itatu chaka chilichonse, ndi nkhondo ya maneti a udzudzu omwe anthu amakokera nsomba, imene mpaka pano sinathe.

Ndipo sindikunena kuti ndi kumwamba. Udzudzu wake ndi wosasimbika. Ng'ona zatenga anthu amene ndinkawadziwa maina. Koma kumeneko akandiona ndikudutsa amadziwa kuti ndine ndani, amandiitana pakakhala mlandu wa malire, mwana akafuna kulemba kalata yofunsira ntchito amabwera kwa ine. Kuno ndili ngati nkhuku yogulidwa kumene, yomangidwa mwendo pakhonde kuti izolowere.

Mwila:
Atate, ndakhala ndikuwerenga chete, koma pali mbali imene mukuilumpha. Auzeni za mu Ogasiti. Anakupezani mutagwa m'munda wa chinangwa, thukuta lili kamukamu, simukuzindikira munthu. Pa kachipatala kapafupi choyezera shuga sichinkagwira ntchito. Anachita kukumangirirani ndi chitenje kumsana kwa mnyamata wa njinga yamoto mpaka ku msewu waukulu, kenako kudikira galimoto ya ku Mpika. Ine ndinamva mawa lake, chifukwa woimba foni anayenera kupita kaye kuchulu chanu chotchukacho.

Amayi tinawataya chonchi. Akanakhala pafupi ndi chipatala mwina bwenzi alipo. Sindinamange munthu mwendo ine. Inenso ndinabadwira komweko, ndinapalasa bwato kupita kusukulu, ndimakukonda. Koma sindidzadikiranso foni yachiwiri.

Mayi Nabanda:
Pepa mwana wanga. Palibe amene akukuimba mlandu. Wachita zimene mwana amayenera kuchita.

Bambo Mbewe:
Mayi anga, za nkhuku zija sindimanena iwe. Umandisamala bwino.

Sister Tembo:
Ndilowepo monga namwino. Zimene Mwila akufotokoza zikumveka kuti shuga anatsika kwambiri. Zimachitika munthu akabaya insulini n'kupita kukalima asanadye mokwanira. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta, njala yadzidzidzi, kenako kusokonezeka mutu. Ngati munthuyo akutha kumeza, mpatseni madzi a shuga kapena switi msangamsanga, kenako chakudya. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, mugonekeni chammbali n'kuthamangira kuchipatala. Atate Mbewe, pa ulendo mukupitawu m'thumba musasowe switi, ndipo amene mukakhale nawo adziwe zimenezi.

Insulini safuna kutentha. Botolo losatsegula limafuna firiji. Lotsegula limatha kukhala pafupifupi masabata 4 pamalo ozizirira, ndipo kumidzi timalangiza kuliika m'kachitini kotseka bwino, n'kukaika mumphika wadothi wa mchenga wonyowa, pamthunzi. Za maso, ngati ndi ng'ala, opaleshoni yake ndi yaifupi ndipo ambiri amaonanso bwino. Koma shuga amathanso kuwononga mkati mwa diso mwakachetechete, choncho akakupimeni kwa a maso ngakhale simukumva kupweteka. Mwila, uonetsetse kuti za inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA zili m'malo.

Ndinenenso izi, ngakhale simunandifunse. Okalamba ambiri amene timawabweretsa mu tauni shuga amakwera m'malo motsika, chifukwa kumudzi ankayenda ndi kulima, kuno amangokhala pa mpando ndi tiyi ndi buledi. Kuwachotsa kutchire ndi theka la ntchito.

Gift Zulu:
Firiji ya mu Lusaka mukuikhulupirira Sister? Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba magetsi ankazima maola 17 patsiku, nthawi zina kupitirira. Amalume abwere nawo mphika wadothiwo, tidzabwerekana.

Lachitatu m'mawa

A Phiri:
Mwadzuka bwanji nonse. Ndibwerere pa funso la nyumba, poti usiku tinapita kwina. Gift akuti gulitsani, koma tiyambe tadziwa kuti chogulitsacho n'chiyani. Malo a kwa mfumu sagulitsidwa monga puloti ya mu tauni. Munthu amapatsidwa kuti akhalepo ndi kulima, ndipo akachoka zimene anthu amagulana ndi zomwe waikapo: nyumba, malata, mitengo. Lamulo la malo la 1995 limalola kusintha malo a kwa mfumu kuti akhale a taitolo ya zaka 99, koma pamafunika chilolezo cha mfumu ndi khonsolo, ndipo poti kumeneko ndi dera la nyama, a za nyama nawonso ayenera kuvomera. Si za sabata imodzi. Ndiponso ndani kumeneko angakupatseni ndalama yofika pa puloti ya ku Chongwe? Mukapeza wogula malata ndi zitseko, nyumba n'kuigwetsa.

A Mbewe, malowo anakupatsani ndani? Mfumu mwachindunji, kapena akuchikazi?

Bambo Mbewe:
Malume wa mkazi wanga ndiye anandilozera, nyakwawa ikuona. Palibe pepala lililonse.

Mayi Nabanda:
Ndiye nkhani yasintha apa. A Mbewe, inu ndinu mkamwini. Abisa amatsata kuchikazi monga ife Achewa, eti? Malowo ndi a mbumba ya mayi aja. Kodi maliro atatha anakusudzulani?

Bambo Mbewe:
Mwambo wawo anachita, anandimasula. Koma akuluakulu anati musapite, ndinu atate a ana athu, khalani mpaka mudzafune nokha.

Mayi Nabanda:
Anthu aulemu amenewo. Kwathu ena akanakusonyezani njira chaka chisanathe. Tsono musakawachititse manyazi pofika ndi wogula wachilendo. Eni malowo alipo, ndipo mmodzi wa iwo ali muno m'gulu, ndi amene anakukalipirani usiku uja.

Mwila:
Ine?

Mayi Nabanda:
Iweyo. Atate ako ndi alendo kumeneko, iwe ndiwe mwini mudzi. Nkhani imeneyi uyenera kukakhala pansi ndi amalume ako, osati kuwatuma atate okha.

Mwila:
Zoona, sindinaziganizepo choncho. Koma ndani wa ife akakhaleko? Mchimwene wanga ali ku Kitwe, mng'ono wanga ku Solwezi, ine ntchito ili kuno. Sitingasunge nyumba yongopitako kamodzi pa zaka zitatu.

A Phiri:
Nyumba yokhoma imatha msanga kuposa yokhalamo anthu. Chiswe chimakwera, mileme imalowa kudenga, tsiku lina mudzamva kuti malata anayenda usiku. Ine ya atate anga ku Katete tinaikhoma pofuna kupewa mikangano, lero patsala maziko. Pezani wachibale wa banja laling'ono alowemo, azidya mango ndi chinangwa, azikonza denga. Koma mukalankhule pamaso pa nyakwawa ndi mboni, mulembe papepala kuti akusunga, sanagule, ndipo chipinda chimodzi chikhale cha a Mbewe ndi ana akabwera. Aliyense asaine, mujambule pa foni. Lero mukugwirizana, koma zidzukulu sizidzadziwa zimene munanena pakamwa.

Bambo Mbewe:
Alipo mwana wa mlamu wanga uja, wakwatira chaka chatha, akukhala m'kanyumba ka udzu. Ndi mnyamata wosamala zinthu. Bwato ndinali nditaganiza kale kumpatsa iyeyo.

A Daka:
Apo ndiye mwapeza. Ndipo ndi mwana wa yemwe munamumanga uja? Dziko ili.

Bambo Mbewe:
Yemweyo.

Pali china chimene ndakhala ndikuchizengereza. Manda a mkazi wanga alibe chiliza. Tinkati timange chaka chino, matenda n'kundipeza. Ndikufuna ndikasiye nditamanga. Ndipo ndinene pano anthu akumva, kuti mawa pasadzakhale kukangana: ine ndikadzafa mukandiike pafupi ndi iye. Osati ku Chingwere, osati ku Leopards Hill, osati ku Chadiza.

Mwila:
Atate chonde, zimenezi si za pagulu.

Mayi Nabanda:
Asiye anene, mwana wanga. Maliro ambiri amene ndaona akusokonekera mu Lusaka muno ndi a anthu amene sananene. Abale a ku Chadiza adzabwera ndi zawo, a kuchikazi ndi zawo, iwe uli pakati ndi misozi. Lero tamva tonse, ndife mboni.

Mulenga:
Musadandaule ambuya, njira ilipo. Livingstone anamwalira kwa Chitambo mu 1873, pafupi ndi kwanu komweko. Mtima anaukwirira pansi pa mtengo, thupi Susi ndi Chuma ananyamula mpaka kunyanja, n'kukaikidwa ku London. Inu tidzangotembenuza: mtima tidzatumiza pa basi ya ku Mpika, zotsalazo ku Chingwere. Thiransipoti yotchipa.

Sister Tembo:
A Mulenga!

Bambo Mbewe:
Asiyeni Sister, ndi ntchito yawo ambuyawa. Ndaseka mpaka mdzukulu wabwera kudzaona. Koma mudzanditenge wathunthu.

A Sakala:
Poti mwafika pa za mayendedwe, ndilowepo, msewu umenewo ndi wanga. Kunyamula maliro kuchoka mu Lusaka kukafika kumeneko ndi ndalama zambiri, ndipo ikakhala Febuluwale kapena Malichi galimoto ikhoza osafika n'komwe. Ngati ndi chifuniro chanu, ana ayambe pano kuika kenakake pambali, kapena alowe inshuwalansi ya maliro, afunse bwino ngati imalipira mtunda wotere. Ndanena ndatha, tibwerere kwa amoyo.

Lachisanu sabata ya mawa ndikunyamula simenti kupita ku Mpika. Ndi makilomita opitirira 600, kudzera Kabwe, Kapiri Mposhi, Mkushi, Serenje. Kutsogolo kuli malo a anthu awiri. Matumba a chiliza mugule kuno tikweze limodzi, kumeneko mtengo wake ndi wina. Ndikakutsitsani pa mphambano ya ku Chiundaponde, koma mukhale mutapangana kale ndi wa kanta woti akutengeni, lole yanga singalowe msewu umenewo. Pobwera ndimadutsa patatha masiku angapo ndili wopanda katundu wambiri.

Gift Zulu:
Bwanji sitima ya TAZARA? Si yotchipa pa katundu?

A Sakala:
Imadutsa ku Mpika inde, koma imathera ku Kapiri Mposhi. Ukatsitse katundu, usake galimoto ina ya ku Lusaka, ulipirenso. Kwa munthu wodwala shuga ndi mitolo, ayi.

Chenjezo langa ndi ili. Nsomba zouma ngati mukubwera nazo, zidutse pa 1 Disembala pasanafike. Kuyambira tsiku limenelo mpaka kutha kwa Febuluwale usodzi ndi wotseka, ndipo pa marodibuloko amalanda. Mbuzi sizikwera popanda chikalata cha a zaziweto, ndiponso ku Chelstone mukaziika pati? Gulitsani komweko. Za nyama yakutchire sindinena, mwini wake wa lamulo ndi inuyo.

Bambo Mbewe:
Ngakhale kachidutswa simudzakaona. Koma anthu adzabwera nazo zotsazikira, ndikudziwa kale. Ndidzachita kufufuza mtolo uliwonse, ntchito yanga yomaliza.

Mbuzi ziwiri zipita pa mwambo wa chiliza, anthu adye. Zotsalazo ndigulitsa. Katundu wobwera naye si wambiri: bedi, bokosi la mabuku momwe ndinkalemba za nyama ndi madzi chaka chilichonse, makina osokera a mayi awo Mwila, ndi mtondo.

Mwila:
Mtondo wa chiyani atate, chigayo chili pa kona.

Bambo Mbewe:
Unali wa amayi ako.

Mwila:
Ubwere.

Ndapempha tchuthi kuntchito, a Sakala mpando wachiwiriwo ndi wanga. Ndikakhale pansi ndi amalume monga anenera mayi Nabanda.

Lachitatu madzulo

Gift Zulu:
Amalume, mabuku amene mwatchulawo muli chiyani kwenikweni?

Bambo Mbewe:
Tsiku limene mvula yayamba, tsiku limene madzi afika pa mtengo wakutiwakuti, pamene lechwe zayamba kuswa, kumene taona zisa, mawaya angati tatola. Poyamba inali ntchito, akuluakulu ankafuna malipoti. Nditapuma ndinangopitiriza. Ukawayala pamodzi umaona zaka za madzi ambiri ndi zaka zimene dambo linauma msanga, ndi momwe nsomba zinkayendera zaka zimenezo.

Gift Zulu:
Zimenezo musazisiye m'bokosi. Ndili ndi mnzanga akuphunzira za chilengedwe ku yunivesite ya UNZA, amavutika kupeza zolembedwa zakale za madera otere. Ndikhoza kubwera Loweruka lililonse kudzajambula masamba ndi foni, inu muzindiuza zomwe zalembedwa. Zolemba za anthu akale zija ine sinditha kuwerenga.

Bambo Mbewe:
Ubwere, koma mabukuwo satuluka m'nyumba.

Mayi Nabanda:
Ndipo mukakhumba nyama, Lusaka National Park ili pompano kupitirira Bauleni, anaitsegula mu 2015. Kuli mbidzi, akadyansonga, mphalapala. Munda Wanga ilinso ku Chilanga. Adzukulu azikuperekezani.

Bambo Mbewe:
Anandipititsako kale mayi, sabata yoyamba. Ndi malo abwino kwa ana a sukulu, ndipo anyamata ogwira ntchito kumeneko tinacheza bwino. Koma ndinkangoona waya. Nyama imene ikudziwa pomwe mpanda uli imayenda mwina.

A Daka:
Ine za nyama sindingakuthandizeni, mwamva kale maganizo anga. Koma ndili ndi kamunda ku Chongwe kufupi ndi mtsinje, ndimapitako Loweruka lokha, masiku enawa mnyamata amangochita zimene wafuna. Ndinayesa chinangwa chinakana, mwina sindidziwa kabzalidwe kake. Mukabwera ndi mitengo yambewu ya kumpoto, mzere wina ukhale wanu. Minibasi za ku Chongwe zimadutsa pa Chelstone pomwepo. Ndi munda chabe, kulibe lechwe.

Bambo Mbewe:
Chinangwa chimafuna mitumbira ikuluikulu ndi dothi losasunga madzi. Ndikaone kaye malowo ndisanalonjeze. Mitengo ndibwera nayo, ya chotsekemera, chifukwa chowawa chija chimafuna kuviika masiku ndipo anthu a kuno sangapirire fungo lake.

Sister Tembo:
Kulima ndi bwino, koma adye kaye asananyamuke, ndipo asamapite okha mpaka shuga akhazikike. Nsima ya chinangwa nayo achepetse, imakweza shuga msanga.

Bambo Mbewe:
Sister, mwandilanda dambo, mukufunanso nsima?

Sister Tembo:
Ndati kuchepetsa atate, sindinati kusiya.

Mulenga:
Tsono poti ulendo wapsa, tiyeni ku nkhani yeniyeni. Ambuya, finkubala meda imodzi, kasepa meda ziwiri, chikanda chosaphika ngati chipezeka. Ku Soweto mitengo yapenga. Lendi ija tithetsera pamenepo.

Mayi Nabanda:
Inenso kasepa, ndi bowa wouma. Ndalama nditumiza kwa Mwila.

A Daka:
Uchi ngati ulipo weniweni.

Mwila:
Anthu inu, tikupita ku chiliza cha amayi, osati kukaoda.

A Phiri:
Aliyense wofuna kanthu alembere Mwila kumbali, muno musadzaze. Komanso mwambo wathu tisaiwale: chiliza ndi maliro ndithu, choncho ndatsegula chopereka. Ndiika nambala pamwamba, titseka Lachitatu likudzali kuti simenti igulidwe Lachinayi. A Mbewe alowa kumene, koma malamulo a gulu sanena za miyezi.

Bambo Mbewe:
Abale anga, sindinayembekezere. Zikomo kwambiri.

A Sakala:
Lachisanu 4 koloko m'mawa, pa Great North Road moyang'anana ndi Heroes Stadium. Simenti ifike Lachinayi madzulo ku galaja kwathu ku Matero kuti ndimange pamodzi ndi inayo. Mutenge majuzi, ku Serenje kumazizira ngakhale Novembala mvula ikagwa. Ndipo mundiuze msanga ngati bedilo ndi lomasula kapena ayi, ndidziwe malo oti ndisiye pobwera.

Bambo Mbewe:
Ndi la mukwa, lokhoma ndi misomali. Silimasuka.

A Sakala:
Ndiye likwera pamwamba, mugule pulasitiki yaikulu.